Pulogalamu sinapenge, mwayankha funso lomwe simunafunsidwe

Sipatha mlungu osabwera wina kudzandidandaulira kuti LISP yake (kapulogalamu kodzilembera kofulumizitsa ntchito yojambula) imayenda bwinobwino mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, koma akaiika mu zinzake monga BricsCAD kapena ZWCAD "yapenga". Sinapenge ayi. Pakamwa pandiuma nako kubwereza: command ya AutoLISP (chinenero cholembera ma LISP), yomwe imatumiza malamulo ndi mayankho ake ku pulogalamu, sidziwa chimene mukufuna. Imangoponya mayankho motsatana, osamva n'komwe funso. Pulogalamu inayo ikawonjezera funso limodzi kapena kulidumpha, mayankho onse otsatira amagwera polakwika.

Taonani TEXT, lamulo lolembera mawu pa chojambula. Mwaipatsa malo, msinkhu wa zilembo 2.5, kupendeka 0, kenako mawu. Koma ngati style (kalembedwe ka zilembo) ya m'chojambulacho ili kale ndi msinkhu wokhazikika, funso la msinkhu silibwera. Basi 2.5 uja wasanduka kupendeka, 0 walowa pa mawu. Izi zimachitika ngakhale mu AutoCAD momwemo, ndiye musafulumire kuloza chala pulogalamu yatsopanoyo.

Zotere n'zabwinoko, zimaonekera. Yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya mnyamata wina yemwe LISP yake inkaika malo a mizati ya nyumba. Pa kompyuta yake OSMODE inali 0, kutanthauza kuti snap, yomwe imakokera malo osankhidwa ku mizere yapafupi, inali yozimitsa. Pa ya mnzake, ya pulogalamu ina, snap inali yoyatsa, ndipo mfundo (point) iliyonse yomwe command inatumiza inakokedwera ku nsonga ya mzere wapafupi. Palibe uthenga wochenjeza womwe unatuluka. Choipitsitsa, dera lomwe snap imagwira limayezedwa ndi ma pixel, timadontho ta pa sikirini, kotero ukayandikitsa chojambula zonse zimakhala bwino, ukachitalikitsa mizati ina imasuntha. Anaona kamodzi kuti china chake sichili bwino, nati adzachiona mawa. Pomwe ankandiitana n'kuti mapulani atapita kale kwa omanga, maenje atakumbidwa. Mawu amodzi okha, "_non", ouza snap kuti isagwire, patsogolo pa mfundo iliyonse akanamupulumutsa.

Tsono musanandiimbire foni, bwezerani CMDECHO pa 1 kuti mafunso ndi mayankho a LISP azioneka. Ambiri mumaizimitsa kuti pa sikirini pazioneka paukhondo, kenako n'kumadabwa kuti simukuona chavuta. Dinani F2 kuti muone zonse zomwe zalembedwa, werengani funso ndi yankho lake mzere ndi mzere, ndipo lamulo lomwelo lilembeni pamanja m'mapulogalamu onse awiri. Yerekezaninso ma setting a FILEDIA, ATTREQ ndi EXPERT m'mapulogalamu onse awiri, chifukwa amasintha mafunso. Dzina la lamulo liziyamba ndi _. nthawi zonse: kamzere kapansiko n'ka makompyuta a zinenero zina, kadonthoko n'ka pomwe wina analitanthauziranso lamulolo. Pomwe zingatheke, jambulani ndi entmake ya AutoLISP, yomwe imaika chinthu m'chojambula mwachindunji osadikira funso lililonse.

Ndipo chenjerani ndi akatswiri a pakamwa omwe mankhwala awo ndi amodzi: "Fufutani, muikenso pulogalamu." Mutaya tsiku lathunthu, vuto lili pompo. Ena amakuthirirani ma "" (omwe amaimira Enter) asanu kumapeto kwa mzere kuti lamulo lithe mokakamiza. Enter wotsalayo amatha kudzutsanso lamulo lapitalo, n'kuyamba kumeza mizere yotsatira ya LISP yanu.