Masamba akapindika, musathamangire kuthirira

Ambiri kuno ku Zomba akaona duwa la m'nyumba likupinda masamba amati lamva ludzu, basi n'kumalithirira tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri wolakwa ndi madzi omwewo. Mumphika wopanda mabowo kunsi, mizu imasowa mpweya n'kuwola, masamba n'kufota ngati pachilala. Pisani chala m'dothi; likakhala lonyowa, dikirani kaye.

Tembenuzaninso tsamba lanthete. Nsabwe za mbewu zimabisala kunsi kwake n'kumayamwa, ndiye nsonga zimatuluka zopotoka, zomata ngati mwathirapo shuga. Nyerere zikamakwera tsinde, nthawi zambiri nsabwezo ziliko. Zitsukeni ndi madzi osakaniza ndi sopo pang'ono. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa chiperoni nako kumapinda masamba a duwa limene lagundana ndi zenera.