Khansala ndi wa onse, ngakhale amene sanamuvotere

Ndatopa kumva bodza lakalekale loti ngati simunamuvotere khansala, musavutike kukamudandaulira chifukwa sangakumvereni.

Voti ndi yachinsinsi. Pepala lija mumalipinda nokha n'kuliponya m'bokosi, lopanda dzina lanu. Ndiye angadziwe bwanji? Akapambana amaimira aliyense wa m'dera lake, ngakhale amene sanavote n'komwe. Mlatho ukagumuka onse amasowa powolokera, ndipo ntchito yake ndi kukatula dandaulolo ku khonsolo. Okondera alipo ndithu, koma kumeneko ndi kulephera ntchito, si lamulo.

Musangokhulupirira ine. Kafunseni ku ofesi ya khonsolo za udindo wa khansala, kapena mulembereni kalata n'kusunga kope lake, muone ngati angakufunseni amene munamuvotera. Ndipo chonde, nkhani yotereyi ikakupezani pafoni, musaitumize kwa ena musanaitsimikize.