Mbatatesi za Fyodor

Ku Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda omwe anaphedwa ndi boma la Nazi la Hitler, mumzinda wa Jerusalem, amalemekeza anthu omwe sanali Ayuda koma anaika moyo wawo pachiswe kuti apulumutse Ayuda m'nthawi ya Hitler. Mmodzi mwa iwo ndi Fyodor Mikhailichenko. Ulemuwu unabwera mu 2009, mwini wake atagona kale m'manda.

Nkhaniyi inayambira ku Piotrków m'dziko la Poland, komwe Yisrael Meir Lau, mwana wachiyuda yemwe Fyodor anadzamupulumutsa, anabadwira mu 1937. Kwawo ankamutchula kuti Lulek. Bambo ake anali rabi (mtsogoleri wa chipembedzo cha Ayuda) wa mzindawo, ndipo anaphedwa ku msasa wopherako anthu wa Treblinka mu 1942. Mu Novembala 1944, asilikali a Nazi akulekanitsa amuna ndi akazi pa siteshoni ya sitima, mayi ake anamukankhira kwa mkulu wake Naphtali. Anaona kuti kwa amuna, omwe ankafunika pa ntchito, kunali kamwayi kokhala moyo. Ndikamaganiza za manja a mayi akukankha mwana yemwe akuwakakamira, mtima umandiwawa. Mayiwo anakafera ku msasa wa akaidi wa Ravensbrück.

Mu Januwale 1945 awiriwo anafika ku Buchenwald, pafupi ndi Weimar ku Germany, msasa wa akaidi womwe munafera anthu pafupifupi 56,000. Naphtali anabisa mng'ono wakeyo m'thumba. Kenako awiriwo analekanitsidwa, ndipo Lulek anakagwera ku nyumba ya akaidi yotchedwa Block 8, komwe anakumana ndi Fyodor, mkaidi wachinyamata wochokera ku Rostov ku Russia. Sanali mbale wake, sanali Myuda. Komabe ankaba mbatatesi n'kumamuphikira, pomwe kugwidwa ukuba kunali kusewera ndi imfa. Anamasula ulusi wa juzi n'kumulukira zotchingira makutu, poti akaidi ankaimitsidwa panja pa chisanu choluma powawerenga. Pa 11 Epulo, tsiku lomwe asilikali a America anafika, zipolopolo zikulira, anaphimba mwanayo ndi thupi lake.

Mumsasamo munapezeka ana amoyo pafupifupi 900. Lulek anali asanakwanitse zaka 8. Anapita ku Palestine ndi Naphtali chaka chomwecho, ndipo anadzakhala mmodzi mwa arabi akulu awiri a dziko la Israel kuyambira 1993 mpaka 2003.

Zaka zonsezo ankafunafuna mpulumutsi wake, koma ankangodziwa dzina loyamba ndi mzinda wakwawo. Dzina lonse linapezeka mu 2008 m'zikalata zakale za msasawo. Fyodor anali atamwalira mu 1993, chaka chomwe Lulek analandira udindo uja. Pamwambo wa ku Jerusalem, omwe anaimirira Fyodor ndi ana ake aakazi.