Kalata ya ZIMRA ikafika, itanani katswiri tsiku lomwelo

Miyezi ingapo yapitayo bambo wina wa kwathu, amene amagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Mbare mumzinda wa Harare, analowa mu ofesi yanga ya akauntanti atasenza katoni yodzaza malisiti, makope awiri a ana asukulu olembamo ngongole, ndi kalata ya ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe, yopindidwa kanayi m'thumba la jekete. Kalata yomudziwitsa kuti mabuku ake afufuzidwa anailandira kalekale, ndipo ku mafunso onse anapita yekha. Imene anabwera nayoyi inali yomuuza ndalama zoti alipire kafukufuku atatha kale, ndipo pa masiku 30 amene lamulo limapatsa munthu kuti atsutse chigamulo chotere, panali patatsala asanu ndi atatu okha. Nditamufunsa chimene anachedwera, anati, "Achimwene, ine ndinkati ndikawafotokozera pakamwa amvetsa, poti boma sindinaliberepo."

Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimamukhulupirira. Koma pa nkhani ya msonkho, lamulo la Income Tax Act limaika udindo wopereka umboni pa wokhoma msonkho, kutanthauza kuti ndinu muyenera kuonetsa ndi mapepala kuti chiwerengero cha ZIMRA n'cholakwika. Lamulo lomwelo limafuna kuti mabuku ndi malisiti a bizinesi asungidwe kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mapepala akasowa, wofufuza ali ndi mphamvu yoyerekezera yekha zimene munapeza. M'katoni ya bambo uja, malisiti ambiri otuluka pa makina anali atayera mbee, inki itafufutika ndi kutentha kwa m'shopu ya malata. Chachikulu chinali ku banki: iye ndi msungichuma wa bungwe la maliro la anthu akumudzi kwawo, ndipo zopereka za mamembala zinkadzera mu akaunti yake ya bizinesi, pamodzi ndi ndalama zimene mlongo wake ankatumiza kuchokera ku Johannesburg. Wofufuza akaona ndalama zikulowa popanda chofotokozera, amaziwerengera ngati malonda, ndipo sitingamuimbe mlandu, chifukwa palibe pepala limene linamuuza zina.

Apa ndi pamene ntchito ya katswiri imaonekera, ndipo imakhala yopindulitsa kwambiri kafukufuku asanayambe. Akauntanti wodziwa za msonkho amayamba wawerenga kalatayo kuti adziwe msonkho umene ukufufuzidwa, kaya ndi wa phindu, VAT kapena PAYE ya antchito, komanso zaka zimene akufunsa, kuti musakatule mapepala amene sanapemphedwe n'kusiya amene akufunika. Kenaka amafufuza mabukuwo yekha monga mmene wa ZIMRA angachitire, kuyerekeza zomwe munalengeza ndi zomwe zinalowa ku banki, pa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni) ndi pa makina a malisiti. Kuno ku Zimbabwe ntchitoyi imakula chifukwa cha ndalama ziwiri, dola ya ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inayamba mu Epulo 2024, pakuti msonkho umayenera kutsatira ndalama imene munagulitsira, ndipo amalonda ambiri oona mtima amapunthwa pomwepa. Akapeza cholakwa, katswiri wabwino amakulangizani kuti muchiulule nokha musanagwidwe nacho. Uphungu umenewu umawawa kuumva, koma chindapusa cha msonkho wosalengezedwa chingathe kufika pa 100 peresenti ya msonkhowo, kuwonjezera pa chiwongoladzanja, ndipo munthu amene waulula yekha amakhala ndi poyambira popempha kuti amuchepetsere.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi mayankho a pakamwa. Munthu wamantha amayankha funso lomwe sanalimvetse, amatchula chiwerengero cha m'mutu kuti asaoneke wobisa, ndipo mawu amenewo amalembedwa. Mukakhala ndi wokuimirirani, mafunso ovuta amayankhidwa m'kalata mutaona mabuku, ndipo pepala lililonse lomwe mwapereka limalembedwa pa mndandanda, inu n'kusunga kope yake.

Chigamulo chikatuluka, nthawi imathamanga. Kutsutsa kumachitika polemba, ndipo zifukwa zonse ziyenera kufotokozedwa mwatsatanetsatane, chifukwa mfundo imene mwaisiya pano imavuta kuilowetsa mukadzafika ku khoti. Dandaulo likakanidwa, nkhani ya msonkho wa phindu imapita ku Special Court for Income Tax Appeals kapena ku High Court, pamene ya VAT imapita ku Fiscal Appeal Court, ndipo pamenepo mufunika loya pambali pa akauntanti. Loya amafunikanso msanga ngati ofufuza ayamba kutchula za chinyengo. Dziwaninso kuti kutsutsa sikuimitsa kulipira: ZIMRA ikhoza kulamula banki yanu kuti ichotse ndalama mu akaunti, ndipo mukataya chiphaso cha ITF263, chotsimikizira kuti za msonkho wanu zili bwino, makampani amene mumawagulitsa katundu amakakamizidwa kudula 30 peresenti pa malipiro anu. N'chifukwa chake kukambirana za kulipira pang'onopang'ono kumayendera limodzi ndi kutsutsa.

Tsono samalani ndi amene mukumuitana. Madobadoba alipo ambiri m'tauni muno, ena olankhula chinenero chathu chomwe, amene amalonjeza kuti ali ndi munthu wawo mkati ndipo fayilo idzasowa. Zimenezo ndi ziphuphu, ndipo zimasandutsa ngongole ya msonkho kukhala mlandu wopita nawo kundende. Funsani ngati munthuyo analembetsedwa ku Public Accountants and Auditors Board, bungwe lomwe limayang'anira ntchito yathu m'dziko muno, ndipo ngati ndi loya, ku Law Society of Zimbabwe. Mufunseni ngati anaimirirapo munthu pa kafukufuku wa msonkho, popeza kulemba mabuku a mwezi ndi mwezi ndi luso lina, kutsutsa chigamulo ndi linanso. Mtengo wa ntchito mugwirizane polemba, ndipo nambala yachinsinsi yolowera mu TaRMS, njira ya pa intaneti imene ZIMRA inayambitsa mu 2023, ikhale m'manja mwanu, chifukwa chilichonse cholengezedwa m'dzina lanu mudzachiyankha ndinu.

Kwa bambo wa ku Mbare uja, masiku otsalawo tinawathera pofunafuna umboni. Mlembi wa bungwe la maliro anabweretsa buku la zopereka lokhala ndi masiginecha a mamembala, mlongo wa bamboyo anatumiza malisiti otumizira ndalama, ndipo ogulitsa simenti awiri anatisindikizira makope a ma invoisi omwe anafufutika. Dandaulo tinalipereka kutatsala tsiku limodzi, ndipo sabata yomweyo bungwe la maliro linatsekula akaunti yakeyake ku banki.