Tepi pa tebulo la nkhondo

Ku Lilongwe kuno masewera a nkhondo ya tizidole sanafale ngati bawo, koma amene amawasewera safika pa tebulo opanda tepi, yomweyi ya akalipentala imene timagula m'mashopu a ku Malangalanga. Mfuti ya kachidole kalikonse ili ndi mtunda wake, ndipo malamulo ambiri amautchula m'mainchi.

Nkhani ya kuyezayi inachokera ku Prussia, ufumu wakale wa ku Germany. Mu 1824 msilikali wina, Georg von Reisswitz, anakonzanso masewera a bambo ake otchedwa Kriegsspiel kuti akuluakulu a asilikali aziphunzirira nkhondo pa mapu, mtunda wa mizinga n'kumauyeza ndi rula. Mu 1913 H. G. Wells wa ku England analemba Little Wars, buku la malamulo a masewera a tizidole. Iyeyu timizinga take tinkaomberadi timitengo, chidole chikagwa ndiye kuti chafa. Chingwe chinali choyezera mayendedwe: oyenda pansi futi imodzi, apakavalo mafuti awiri.

Kenako madayisi analanda ntchito ya timitengo tija. Kampani ya Games Workshop inatulutsa masewera a Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987, ndipo mfuti ya m'masewera achiwiriwa yotchedwa boltgun kwa zaka zambiri inkafika mainchi 24, pafupifupi masentimita 61.

Mkangano unabadwira pamenepa. Malamulo akale ankaletsa kuyeza usanaombere. Unkayamba walengeza amene ukumuombera, tepi n'kutuluka pambuyo, ndipo akapezeka kuti ali patali ndi theka la inchi, chipolopolo chapita pachabe. Ndi mizinga zinali zovuta koposa, chifukwa unkatchula nambala ya mainchi ndi pakamwa, poyerekeza ndi maso basi. Kalipentala wozolowera kuona thabwa n'kunena kutalika kwake akanakolola anthu pamenepo. Ena ankaba mochenjera, kuloweza kutalika kwa mkono wawo n'kumatsamira tebulo ngati atopa.

Warhammer inaloleza kuyeza nthawi iliyonse mu 2010, Warhammer 40,000 n'kutsatira mu 2012. Akale anadandaula kuti luso latha, eti mkulu wa asilikali kunkhondo sayenda ndi tepi. Ine ndili kumbali ya kusinthaku: lamulo lakale linkayesa diso la munthu, pomwe masewerawa ndi a nzeru zoyalira asilikali.

Phokoso silinathe ayi, linangosamuka. Malamulo ambiri amati uyeze kuchokera m'mphepete mwa kambale kamene chidole chaimapo kukafika m'mphepete mwa ka mdani. Koma tepi yachitsulo ikakhala m'malere pamwamba pa tinyumba, aliyense amaiwerenga ali mbali yake ya tebulo, wina akuona 24, mnzake 24 ndi kanthu.