Kuzizira kwa Dedza sikuziziritsa kompyuta

Pa Dedza boma pano alipo anthu amene amati fani ya kompyuta ikayamba kusokosera ungoiletsa basi, chifukwa kuno n'kozizira kale. Ndinazionapo pa shopu ina yosindikiza mapepala. Mwini wake anachita kupanikiza mapiko a fani ndi kamtengo ka machesi kuti ikhale chete.

Komatu kutentha kwa kompyuta sikuchokera panja. Purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta, ndi imene imatentha ikamagwira ntchito, ndipo popanda mphepo yochotsa kutenthako imatha kufika pafupi ndi madigiri 100, kenako n'kuyamba kuchita ulesi kapena kuzima yokha. Chifunga chotsika m'phiri la Dedza mu June sichifika m'katimo. Ndipo nyengo yozizirayi ndi imene timawonjezera vuto tokha: tafunda bulangete, laputopu taikhazika pamwamba pake, timabowo ta pansi tomwe imapumira tatsekeka. Fani ilekerenji kulira?

Phokosolo limvetsereni bwino. Likamamveka ngati mphepo yamkuntho, nthawi zambiri ndi fumbi lomwe laundana ngati thonje, kapena mapulogalamu otsegulidwa achuluka. Zimitsani kompyuta, zulani waya ku magetsi, gwirani mapikowo ndi chala kuti asazungulire, n'kuchotsa fumbilo ndi kaburashi kofewa. Osauzira ndi pakamwa, malovu amagweramo.

Koma ikamalira gwedegwede ngati njinga yakale, ndiye kuti pomwe imazungulira padyeka, pakufunika fani ina. Mafuta ophikira ndiye ayi ndithu, amakoka fumbi n'kusanduka phala.