Kugula chimanga chikadali mmera: mmene timasankhira mnyamata wa baseball ku sekondale

Mu Epulo, kumpoto chakum'mawa kwa America kumakhala kukuzizirabe moti zala zimauma. Pabwalo la baseball la kusekondale mumapeza makolo owerengeka atafunda mabulangete, ndipo kuseri kwa waya, kumbuyo kwenikweni kwa wowakha mpira, kwaima azibambo 10 kapena 15 ovala majekete. Aliyense ali ndi wotchi yowerengera masekondi ndi kachipangizo koyezera liwiro la mpira. Mnyamata wina akangokweza mwendo kuti aponye, tizipangizo tonse timadzuka pamodzi ngati makutu a akalulu. Kochi akangomutulutsa, azibambo aja amabalalika kupita ku magalimoto awo, masewera akadali m'kati. Amenewo ndi ma scout, anthu ofufuzira matimu aakulu osewera atsopano, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Abale kumudzi amati ndimadya ndalama zaulere poonera ana akusewera. Ndimawasiya aseke.

Ku Major League Baseball, ligi yaikulu ya masewerawa, timu siingangolowa pasukulu n'kutenga mwana amene yamukonda. Kuyambira 1965 pali draft, pomwe matimu amasankha osewera mosinthanasinthana. Lero matimuwo alipo 30, draft imachitika mu Julayi, ndipo kuyambira 2021 amazungulira ka 20. Matimu amene anachita moipa chaka chapitacho ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu woyamba kusankha, ngakhale kuti tsopano malo 6 oyambirira amachitirana maere. Olowa mu draft ndi a ku United States, Canada ndi Puerto Rico; a maiko ena amasaina mwachindunji. Ndi njira imeneyo imene anadzera Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anasewerera Pittsburgh Pirates mu 2017.

Tsono mnyamata amene ndikumuonera lero ali ndi zaka 17 kapena 18. Akasaina, adzayamba m'matimu aang'ono a ku Florida kapena Arizona, n'kukwera makwerero anayi, Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, ulendo umene kwa ambiri umatenga zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ochuluka amathera panjira. Choncho abwana anga safuna kudziwa ngati mwanayu ali katswiri lero. Zimenezo aliyense wa m'tauni mwawo akuzidziwa kale. Akundifunsa za munthu wa zaka 23 amene palibe anamuonapo, ngakhale mayi ake omubala.

Timalemba zinthu zisanu: kumenya mpira, mphamvu zoutumizira kutali, liwiro, kuwakha ndi mkono woponyera. Chilichonse timachipatsa malikisi kuyambira 20 kulekeza 80. Apa ndi pamene makolo amakhumudwa, chifukwa 50 satanthauza mwana wapakatikati pa anzake, koma wosewera wapakatikati wa mu ligi yaikulu. Ndipo manambala amakhala awiri, ya lero ndi ya m'tsogolo. Ndikalemba 20/55 pa kumenya, ndikunena kuti atamuika lero mu ligi yaikulu sangaukhudze n'komwe mpira, koma ndikuika dzina langa pachiswe kuti tsiku lina adzaposa wapakatikati.

Zina mwa izi n'zosavuta. Liwiro ndi wotchi basi: womenyera kumanja akatenga masekondi 4.3 kufika pa base yoyamba, malo oyamba othamangirako akamenya mpira, mtunda wa mamita 27, ndi wapakatikati. Womenyera kumanzere, poti amayambira pafupi, timamuwerengera 4.2. Wowakha mpira kumbuyo akaponya ku base yachiwiri m'masekondi awiri, ali bwino. Izi ngakhale mwana wanga angathe kuyeza.

Kumenya mpira ndiko kumatisowetsa tulo. Kusekondale amamenyera ndodo zachitsulo, zimene zimakhululuka: ngakhale mpira ugunde pafupi ndi manja, umaulukabe. Akatswiri amagwiritsa ntchito zamtengo, ndipo mpira womwewo umathyola ndodo n'kugubuduka pang'ono chabe. Komanso ana ambiri amene mnyamata wathuyu akukumana nawo Lachiwiri masana amaponya mpira woyenda pang'onopang'ono, pamene mu ligi yaikulu mpira wowongoka umabwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola, kuchokera pa mtunda wa mamita 18 okha. N'chifukwa chake ziwerengero za kusukulu sindiziwerenga n'komwe. Mnyamata akhoza kumenya ma home run atatu, kutumiza mpira kunja kwa mpanda, ine n'kuchoka ndisanaphunzirepo kanthu. Tsiku lina amalephera kanayi konse, ine n'kuchoka nditadzaza tsamba.

Chimene ndimayang'ana ndi mipira imene saimenya. Woponya akatumiza mpira wokhota, umene umayamba ngati ukubwera pakati kenaka n'kugwera m'fumbi, kodi mnyamatayu amauzindikira liti? Wina manja amakhala atanyamuka kale, thupi lonse litatsogola. Wina amangouperekeza ndi maso, phazi lili duu, ngati anauzidwa. Minofu timu ingathe kumuwonjezera, kagwiridwe ka ndodo makochi angathe kukonza, koma maso otere sindinaonepo akuphunzitsidwa bwinobwino kwa munthu amene analibiretu. Ndimayang'ananso mmene amasinthira akatsala ndi mwayi umodzi: amafupikitsa ndodo, kapena amangomenya mwaukali ngati akuwaza nkhuni? Kuti tione zonsezi pa adani oyenera, timadalira masewera a nthawi yotentha monga Area Code Games ku Long Beach, California, ndi amene amakonza a Perfect Game, komwe ana osankhika a dziko lonse amakumana, kawirikawiri ndi ndodo zamtengo.

Nkhani imene scout aliyense wa kuno kozizira amaisunga pamtima ndi ya Mike Trout. Mu 2009 anali pa sekondale ya ku Millville, New Jersey. Ana a ku Florida, Texas ndi California amasewera pafupifupi chaka chonse. A ku New Jersey nyengo yawo ndi yaifupi, mvula imadula masewera, ndipo mabwana ambiri sakhulupirira adani amene ana a kumeneko amakumana nawo. Anthu 24 anasankhidwa iye asanatchulidwe. Los Angeles Angels, amene anali ndi malo awiri otsatizana, anayamba atenga Randal Grichuk pa nambala 24, ndiye Trout pa 25. Scout amene anamuumirira, Greg Morhardt, anasewerako limodzi ndi bambo ake a Trout m'matimu aang'ono a Minnesota Twins. Trout anadzakhala wosewera wopambana onse mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu, katatu. Chinthu chimene ambiri sanachiwerengere n'chakuti patsiku la draft anali akadali ndi zaka 17.

Msinkhu umenewu ine ndinauphunzira ndi manyazi. Chaka china ndinakopeka ndi mnyamata wina wa chifuwa chotakata, ndevu zitamera kale, womenya mpira mpaka pamsewu. Ndinamupatsa malikisi apamwamba. Mu timu yomweyo munali kamnyamata kowonda, miyendo ngati ndodo, kamene ndinangokalemba mizere iwiri. Wandevu uja anali ndi zaka 19, thupi lake linali litafika kale pamapeto. Anali bambo akusewera ndi ana. Wowonda uja anali asanakwanitse 18. Patatha zaka zitatu anali atakula, mapewa atatambasuka, ndipo anasankhidwa kuchokera ku koleji ndi timu ina. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi tsiku lobadwa, kenaka ndimasuzumira kumene kwakhala makolo kuti ndione kutalika kwa bambo ndi mayi.

Oponya mpira a kusekondale ndiye njuga yeniyeni. Chigongono cha mwana woponya mwamphamvu chili ngati chikomekome cha mkuyu. Mu 2014 Houston Astros anatenga Brady Aiken wa ku San Diego pa nambala 1, nagwirizana madola 6.5 miliyoni. Madokotala atamuyeza anakayikira mtsempha wa m'chigongono, timu inatsitsa mtengo, mgwirizano unatha, ndipo chaka chotsatira anachitidwa opaleshoni yokonza mtsempha wa m'chigongono, yotchedwa Tommy John. Sanafike mu ligi yaikulu. Brien Taylor, amene New York Yankees anamupatsa madola 1.55 miliyoni mu 1991, anavulala phewa pa ndewu mu 1993, ndipo nayenso sanafike. Mpaka lero palibe woponyera kumanja wa kusekondale amene anasankhidwapo pa nambala 1. Kuyambira 2021 kuli Draft Combine, komwe osewera amayezedwa thupi matimu asanasankhe, koma chithunzi cha dokotala chimangonena za lero.

Khalidwe silimaoneka pa wotchi. Ndimafika msanga kuti ndione amene amanyamula thumba la mipira ndi amene amadikira kunyamuliridwa. Ndimacheza ndi wotchetcha bwalo, chifukwa kochi amayamikira mwana aliyense, koma wotchetcha alibe chobisa. Makamaka ndimafuna kuona mnyamata atalephera, poti ambiri mwa awa sanalawepo kulephera, ndipo baseball ndi masewera amene katswiri weniweni amabwerera chimanjamanja ka 7 pa maulendo 10.

Kenaka pali ulendo wa kunyumba, nthawi yozizira, patebulo la kukhitchini. Mnyamata aliyense wabwino amakhala atalonjeza kale kukasewerera yunivesite inayake, ndipo akapita kumeneko sangalowenso mu draft mpaka atamaliza chaka chachitatu kapena atakwanitsa zaka 21. Ndiye funso langa ndi limodzi, ngakhale ndimalizungulira ndi tiyi: “Bambo, mayi, pafunika zingati kuti mwanayu asapite kusukulu?” Si mwano. Kuyambira 2012 malo alionse m'maulendo 10 oyambirira a draft ali ndi mtengo wake, ndipo timu ili ndi thumba limodzi logawira onse. Ikadumpha malire ndi zoposa 5 peresenti imalandidwa malo a chaka chamawa; ikasankha mwana n'kukana kusaina, ndalama za malo amenewo zimachoka m'thumbamo. Scout amene wabwera ndi nambala yolakwika amawononga draft yonse. Masiku ano zavutirapo, chifukwa kuyambira 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupeza ndalama pa dzina lawo. Makolo ena amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, asaine mkono ukadali wabwino. Ena amati mwana akakhwime kaye. Ndikafunsidwa maganizo, ndimawauza poyera kuti ine ndatumidwa ndi timu, afunsenso munthu amene alibe chopindula.

Lipoti langa silithera kwa ine. Limapita kwa crosschecker, amene amayerekeza mwana wanga ndi a madera ena, kenaka kwa mkulu wa ma scout, ndipo m'chipinda chosankhira muli anyamata a makompyuta ndi masamu awo. Patsiku la draft ine ndimangokhala ndi foni pamwendo. Zaka zambiri, mwana amene ndamutsata miyezi 18 amatengedwa ndi timu ina ndikumvera.

Mu 1992 Houston inali ndi nambala 1. Scout wawo wa ku Michigan anali Hal Newhouser, woponya wakale wa Detroit Tigers, amene chaka chomwecho analowa mu Hall of Fame, kaundula wolemekezera akatswiri akale. Anawauza atenge mnyamata wowonda wa pa Kalamazoo Central High School. Mabwana anasankha Phil Nevin wa ku koleji, ndipo Newhouser anatula pansi ntchito. Mnyamatayo, Derek Jeter, anatengedwa ndi Yankees pa nambala 6 n'kuwasewerera zaka 20.